Las Vegas ndi amalume anga osatchova juga

Amalume anga ndi mkulu wa mpingo, ndipo ntchito imene anaigwira mpaka kupuma ndi ya mipope ya madzi. Atabwera kuno ku Indiana, ku America, kudzaona chidzukulu chatsopano, ndinaona kuti si bwino abwerere kumudzi atangoona sinowo, masitolo ndi khonde la nyumba yanga. Unali mwezi wa February, matikiti a ndege atatsikako mtengo. Nditatchula Las Vegas, mzinda wotchuka ndi juga, anavula magalasi n'kundiyang'anitsitsa.

"Mphwanga, ukufuna anthu kumpingo amve kuti ndinakwera ndege mpaka ku Sodomu?"

Chimene chinawafewetsa mtima ndi damu la Hoover. Analimva kalekale ali pa maphunziro a ntchito yawo, ndipo nditawauza kuti lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzindamo, anangoti, "Tikaone damulo. Zinazo tizingodutsa."

Koma Las Vegas sanaimangire anthu ongodutsa. Mukangotsika ndege pabwalo la Harry Reid, musanadziwe n'komwe kumene kuli chikwama chanu, makina a juga akudikirani kale, akuthwanima ndi kulira. Kuhotela nakonso n'chimodzimodzi. Kuchokera pamene amalembera alendo kukafika pachikepe chopita kuzipinda, njira yake imadzera pakati pa kasino. Mukafuna chakudya, mudzere pakasino. Mukafuna kutuluka panja, khomo analibisa kuseri kwa mizere ya makina. Mulibe mawindo, pakhoma palibe wotchi, ndipo kuwala kwa 3 koloko masana ndi kwa 3 koloko usiku n'kofanana. Fodya amasutira momwemo, chinthu chimene m'nyumba zambiri za anthu onse kuno ku America chinaletsedwa kalekale. Atsikana onyamula mathireyi amagawa zakumwa zaulere kwa amene akusewera, wolandirayo n'kuwapatsa dola kapena awiri othokoza. Wosakwana zaka 21 amaloledwa kudutsa koma osaima.

Ambiri amene anali pamakinapo si anyamata a masuti amene timawaona m'mafilimu. Ndi agogo. Mayi wina wa imvi mbuu anakhala pa njinga ya olumala, khadi lake atalimangirira ku kachingwe kochokera pabulauzi n'kulilowetsa m'makina, chala chikungodina batani, osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Tinapita kokadya, tinabwerako, tinamupeza pomwepo.

Makinawo amalume sanawalabadire, koma patebulo la gudumu la roulette anaima, manja kumbuyo, maimidwe awo oyendera ntchito aja. Gudumuli lili ndi timabowo 38: manambala 1 mpaka 36, kuphatikizapo 0 ndi 00. Kampira kakagwera pa nambala yako, amakupatsa madola 35 pa dola iliyonse imene unaika, n'kukubwezeranso dola yakoyo. Iwo anatulutsa cholembera n'kuyamba kuwerengera kuseri kwa tikiti ya ndege.

"Taona. Nditaika dola pa kabowo kalikonse, ndawononga 38. Kupambana ndipambana ndithu, chifukwa kampirako kalibe kwina kogwera. Koma ndibwerera ndi 36. Awiriwo apita kuti?"

Apita kwa mwini kasino, ndipo palibe chinyengo chilichonse pamenepo. Pa madola 100 alionse oikidwa patebulo lotero, iye amatsala ndi madola 5 ndi masenti 26, lero, mawa, ndi mkuja yemwe. Matebulo ena atsopano anawonjezera kabowo ka 000, ndipo pamenepo amatsala ndi pafupifupi madola 8. Amalume anabweza cholembera m'thumba n'kunena kuti thanki silitha ndi mpope wophulika, poti umenewo aliyense amauthamangira, koma limatha ndi wodontha. Za juga tinalekera pomwepo.

Musaganize kuti wosasewera ndiye wapulumuka. Mahotela a mumsewu waukulu uja, umene amautcha Strip, amapeza pa juga pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a ndalama zawo. Zotsalazo amazitenga pa zipinda zogona, chakudya, mowa, zionetsero ndi misonkhano ikuluikulu, kwa alendo pafupifupi 40 miliyoni amene amabwera chaka chilichonse. Mtengo wa chipinda umene mumauona pa intaneti si umene mumalipira. Pali ndalama ina yowonjezera usiku uliwonse, madola 40 kapena 50, ati ya damu losambira ndi intaneti, kaya mwasambira kaya ayi. Kwa ife inatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa chipinda weniweniwo. Botolo la madzi la m'firiji ya m'chipinda musalikhudze. Tsikani mukagule mabotolo akuluakulu m'sitolo ya mumsewu, mudzandithokoza.

Strip ndi yotalika pafupifupi makilomita 7, ndipo mbali yake yaikulu, chodabwitsa, siili n'komwe m'malire a mzinda wa Las Vegas koma m'dera lotchedwa Paradise. Maso amanamiza kumeneko. Nyumbazo n'zazikulu moti hotela yoyandikana nayo imaoneka ngati ili pamphuno, koma mukayamba ulendo, kukwera mlatho wa anthu oyenda pansi, kutsika, kuzungulira, mphindi 20 zatha musanafike. Amalume bondo limawavuta, ndiye tinagula matikiti a tsiku lonse a basi yosanja yotchedwa Deuce, imene imayenda usana ndi usiku kuchokera kumunsi kwa Strip mpaka ku tauni yakale. Imachedwa, koma mukapeza mpando wakutsogolo m'mwamba mumaona zonse.

Zimene mumaonazo ndi dziko lonse lokopera. Luxor ndi piramidi yakuda ya galasi ya 1993, imene usiku imaponya kuwala kumwamba. New York-New York ili ndi chiboliboli cha Liberty ndi kasitima kosewerera kozungulira nyumbayo anthu akukuwa. Paris ili ndi nsanja ya Eiffel yofika theka la yeniyeni ija. Caesars Palace, ya 1966, yadzaza ziboliboli za Aroma. Kunena zoona, zambiri mwa izi n'zabwino pa chithunzi kuposa pamaso. Mukayandikira n'kugogoda khoma looneka ngati mwala wakale, limalira mphako. Imene inandigwira mtima ine ndi Venetian. M'kati mwake muli ngalande ya madzi, mabwato aataliatali ndi opalasa ovala malaya a mizeremizere akuimba Chitaliyana, ndipo denga analipenta mitambo moti umaiwala kuti uli m'nyumba. Amalume anayang'ana masitepe amene tinakwera, anayang'ana madziwo.

"Ndiye kuti madzi onsewa ali pamwamba pa mitu ya anthu akutchova juga pansi paja?"

Ali pamwamba pawo ndithu. Titatsika anayenda m'kasinomo nkhope ili kudenga, kufunafuna pamene pakudontha. Sanapeze, ndipo ndikuganiza kuti apa m'pamene anayamba kuulemekeza mzindawu.

Panjapo pamafunika kuchenjera. Pali anthu ovala ngati zidole za m'makatuni, ena ngati apolisi, atsikana ovala nthenga kumutu ndi zina zochepa kwambiri kumunsi. Amakumwetulira, amakukoka kuti mujambulitse, chithunzi chikangotheka akufuna madola 20 aliyense. Awiri a nthenga anawagwira amalume mikono uku ndi uku. Sindinawaonepo akuyenda mwamsanga chotero, bondo lija analiiwala. Ati chithunzi chimenecho chikanafika pa gulu la WhatsApp la akulu a mpingo iwo asanafike n'komwe ku Lilongwe. Palinso ogawa timakhadi ta zithunzi za akazi, amene amatiwombetsa m'manja kuti muwayang'ane. Uhule ndi woletsedwa m'boma la Clark mmene muli Las Vegas, ngakhale anthu ambiri amaganiza kuti ndi wololedwa.

Za kukwera m'mwamba sindichulutsa. Pali gudumu lalikulu la High Roller, lotalika mamita 167, limene limatenga theka la ola kuti lizungulire kamodzi, ndi nsanja ya Strat ya mamita 350. Sankhani chimodzi, ndipo mukwere dzuwa likulowa, kuti muone mmene magetsi amathera mwadzidzidzi n'kuyamba mdima wa chipululu. Chinyumba chobulungira cha Sphere, chimene anatsegula mu 2023, kunja kwake konse ndi sikirini: pena chikhala diso, pena mwezi, pena nkhope yachikasu yoyang'ana magalimoto. Kuchionera panja n'kwaulere, ndipo ife zinatikwanira.

Chaulere china, chimene kwa ine chimaposa zonse za pa Strip, ndi akasupe a pa Bellagio. Kutsogolo kwa hotelayi, imene inatsegulidwa mu 1998, kuli nyanja yokumba ya mahekitala atatu. Masana amaonetsa pa theka lililonse la ola, usiku pa mphindi 15 zilizonse. Tinaima pa mpanda pakati pa anthu a zilankhulo zosawerengeka. Madzi anali phee. Kenako nyimbo inayamba, timipope tinatuluka m'madzimo mizeremizere, oposa 1,000, n'kuyamba kugwedeza madzi uku ndi uku motsatira nyimbo, mofewa ngati manja a ovina. Chakumapeto kunamveka kuphulika kumene umakumva m'chifuwa, madzi n'kuuluka kupitirira mamita 100, ndipo kamphepo kanatibweretsera mame kumaso. Anthu anakuwa. Amalume sanakuwe. Anandikoka dzanja n'kundiuza kuti kuphulikako si pampu, ndi mpweya wopanikizidwa, pampu singaponye madzi mwadzidzidzi chotero. Ananena zoona. Tinaonera kachiwiri, ulendo uno iwo akuyang'ana timipope tokhatokha.

Kenako anafunsa funso limene linakhala nafe ulendo wonse: "M'chipululu muno, madziwa akuwatenga kuti?"

Ku Las Vegas kumagwa mvula ya mamilimita pafupifupi 100 pa chaka chathunthu. A pa Bellagio amachokera m'zitsime za pamalopo, zimene kale zinkathirira bwalo la gofu la hotela ya Dunes, imene anaigwetsa ndi mabomba mu 1993. Mzindawu sunyengerera nyumba zakale. Hotela ya Mirage, imene inali ndi phiri lochita kupanga lophulika moto, inatsekedwa mu 2024, ndipo ya Tropicana anaigwetsa chaka chomwecho. Koma yankho lalikulu la funso la amalume linali kutidikira kudamu.

M'kati mwa Bellagio momwemo muli munda wa maluwa wolowa ulere umene amausintha nyengo iliyonse, ndipo ife tinaupeza utakongoletsedwa za chaka chatsopano cha ku China, zofiira ndi zagolide zokhazokha. Mulinso chionetsero chotchedwa O, cha gulu la masewera odabwitsa la Cirque du Soleil. Apa ndinatsekula chikwama, chifukwa tikiti imodzi imapitirira madola 100, koma sindidandaula. Siteji yake ndi dziwe la malita oposa 5 miliyoni. Munthu amayenda pouma, mphindi yotsatira mnzake akudumphira pamalo omwewo kuchokera kudenga n'kumira, chifukwa pansipo pamakwera ndi kutsika mwakachetechete. Ena amamira osatulukanso, poti pansi pa madzi pali osambira a mabotolo a mpweya amene amawalandira n'kuwatulutsira kuseri. Palibe zolaula, palibe chilankhulo choti umve, moti ngakhale mkulu wa mpingo amaombera m'manja ndi mtima umodzi. Zionetsero zina za mumzindawu si za mtundu umenewo, muziwerenga bwino musanagule.

Tauni yakale, ku Fremont Street, ndi kumene ndinaupeza mzinda weniweni. Las Vegas inayamba mu 1905 pamene kampani ya njanji inagulitsa mapuloti pafupi ndi siteshoni, ndipo hotela ya Golden Gate, ya 1906, idakalipo pakona. Juga inaloledwa m'chigawo cha Nevada, mmene muli mzindawu, mu 1931. Masiku ano msewuwu anaufolera ndi denga la sikirini lotalika mamita oposa 400, anthu akuuluka pa zingwe pamwamba pa mitu yanu, magulu oimba akuimba ulere, fungo la chamba ndi la nyama yowotcha zitasakanikirana. N'kwaphokoso, n'kwauve pang'ono, ndipo zinthu n'zotsikirako mtengo. Mu hotela ya Golden Nugget muli mwala wa golide wolemera makilogalamu 27 umene munthu anautola ku Australia mu 1980. Amalume anauyang'ana kanthawi n'kunena kuti ndi waung'ono kuposa mmene amaganizira.

Chapafupi pali Mob Museum, nyumba yosungira mbiri ya zigawenga zimene zinkayendetsa makasino, ndipo anaiika m'khoti lakale lomwe aphungu a ku Washington anafunsiramo anthu za nkhaniyi mu 1950. Mbiriyi saibisa, amaigulitsa. Hotela ya Flamingo inatsegulidwa mu December 1946 ndi chigawenga Bugsy Siegel, ndipo pofika June 1947 anali atamuwombera ku Beverly Hills. Flamingo ilipobe, ndi mbalame zake zapinki kuseri, zoonera ulere.

Koma mbiri imene inandikhudza ndinaipeza ku Neon Museum, bwalo limene amasungirako zikwangwani zakale za magetsi za mahotela amene anagwetsedwa. Pakati pa zikwangwanizo pali cha Moulin Rouge. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, oimba akuda otchuka ngati Nat King Cole ndi Sammy Davis Jr. ankadzaza maholo a pa Strip, koma akamaliza kuimba sankaloledwa kugona, kudya kapena kusewera m'hotela yomweyo. Ankatulukira khomo lakuseri n'kukagona ku Westside, kutsidya kwa njanji, kumene kunkakhala anthu akuda. Moulin Rouge inatsegulidwa kumeneko mu May 1955, hotela yoyamba ya kasino yolandira akuda ndi azungu pamodzi. Inangoyenda miyezi pafupifupi 6 n'kutsekedwa. Koma m'nyumba yomweyo ndi mmene, mu March 1960, atsogoleri a anthu akuda, akuluakulu a boma ndi a mahotela anagwirizana zothetsa tsankho m'makasino, anthu akuda atawopseza kuti achita zionetsero pa Strip. Amene anajambula chikwangwani cha Moulin Rouge, Betty Willis, ndi yemwenso anajambula chotchuka chija cha 1959 cholandira alendo, chimene anthu amaima pamzere kuti ajambulitsepo. Amalume anawerengera zala n'kunena kuti mu 1960 iwo anali atabadwa kale. Usiku umenewo tinadutsa pakhomo lakutsogolo la hotela yathu, mlonda n'kutitsekulira chitseko.

Nkhani imene inawasowetsa mtendere ndi ya maukwati. Amalume ndi nkhoswe wa theka la mbumba yathu, kuphatikizapo ine. Ku Las Vegas, ofesi yopereka ziphaso za ukwati imatsegula tsiku lililonse mpaka 12 koloko usiku, pa Khirisimasi pomwe, ndipo palibe kudikira: chiphaso lero, ukwati lero. Amapereka ziphaso zoposa 70,000 pa chaka. M'mbali mwa msewu wochokera ku Strip kupita ku tauni yakale muli timatchalitchi ta maukwati, ndipo pa kena mumakwatitsidwa muli m'galimoto, pawindo. Tili m'basi tinaona mkwati ndi mkwatibwi akutuluka pa kena, awiriwiri, wojambula yekha akuwatsatira.

"Ankhoswe ali kuti?"

"Kulibe, malume."

"Nanga zikavuta pakati pa usiku amakagogoda kwa ndani?"

Ndinawauza kuti Nevada inaganizira kale zimenezo. Mu 1931 momwemo, chaka chimene inaloleza juga, inakhazikitsanso lamulo lakuti munthu akakhala m'chigawocho milungu 6 yokha akhoza kuthetsa banja kukhoti, ndipo anthu ankachokera m'zigawo zina kudzachita zimenezo. Anapukusa mutu mpaka tinatsika basi.

Tsiku la damu anadzuka m'mamawa ine ndisanadzuke, atavala jekete ndi tayi. Tinabwereka galimoto. Msewu umadutsa ku Boulder City, katauni kaukhondo kamene boma linamangira ogwira ntchito padamupo, ndipo mpaka lero juga ndi yoletsedwa mmenemo, ngakhale kali mu Nevada momwemo. Amalume anati akanadziwa tikanagona kumeneko.

Damu la Hoover linamangidwa kuyambira 1931 mpaka 1936, nthawi imene chuma cha America chinali chitagwa ndipo anthu ankayenda mitunda italiitali kufuna ntchito. Latseka mtsinje wa Colorado m'chigwa chopapatiza cha miyala yakuda, pamalire a Nevada ndi Arizona. Kutalika kwake ndi mamita 221. Pamwamba, pamene timayenda, m'lifupi mwake ndi mamita 14 okha, koma pansi ndi mamita 200. Asanayambe kumanga anaboola ngalande zinayi m'mapiri a m'mbali, iliyonse yotakata mamita 15, kuti mtsinje wonse upatuke. Anthu pafupifupi 100 anafa pa ngozi za pantchitopo. Akuda amene analembedwa ntchito anali ochepa kwambiri, ndipo ku Boulder City sankaloledwa kukhala. Pa nsanja zolowera madzi pali mawotchi awiri, ya Nevada ndi ya Arizona, ndipo m'nyengo yozizira imasiyana ndi ola limodzi, moti pakati pa damupo mumawoloka kuchoka mu 10 koloko kulowa mu 11.

Tinalipira ulendo wolowa m'kati. Chikepe chimatsika mamita pafupifupi 160 m'kati mwa thanthwe, n'kukutulutsirani m'ngalande yozizira, yonyowa m'makoma. Anatiimika pa kansanja pamwamba pa mpope wachitsulo wotakata mamita 9, wodzaza madzi akuthamangira ku makina. Pansi pankanjenjemera, kunjenjemerako kukukwera m'miyendo. Amalume, amene mpope waukulu umene anaugwirapo moyo wawo wonse munthu akhoza kuukumbatira, anagwira chitsulo chotchingira ndi manja awiri n'kutseka maso kuti amvetsere bwino. Kenako anayamba mafunso, ndipo mayi wotiperekezayo anaiwala gulu lonse n'kumacheza ndi iwo okha.

Chimene chinawasangalatsa koposa ndi nkhani ya konkire. Simenti ikamauma imatentha, ndipo akatswiri anawerengera kuti akanathira damu lonse nthawi imodzi, likanatenga zaka zoposa 100 kuti lizizire, likung'ambika. Ndiye analithira m'zigawozigawo, m'chigawo chilichonse n'kuyalamo timipope ta inchi imodzi, n'kumadutsitsamo madzi a mumtsinje kenako madzi ozizira a m'makina opangira ayezi. Timipope timeneti tikalumikizidwa timapitirira makilomita 900, ndipo tidakali momwemo, atatidzaza simenti. Amalume anatembenukira kwa ine.

"Wamva? Damu lonseli analimanga ndi mapulambala."

Kumapeto kwake kuli holo yaikulu ya majenereta. Onse pamodzi alipo 17, mbali ya Nevada 8 ndi ya Arizona 9. Anthu ambiri amaganiza kuti magetsi a pa Strip amachokera pano, koma oposa theka la magetsi a damuli amapita ku California. Chimene Las Vegas imadalira pano ndi madzi. Madzi 90 pa 100 alionse a mumzindawu amachokera m'nyanja ya Mead, imene inapangika kuseri kwa damuli.

Ndipo nyanjayo ikuphwa. Simufunika kuuzidwa. Mukaima padamu n'kuyang'ana kumtunda, m'mbali mwa mapiri muli lamba woyera wotalika kuposa nyumba zambiri zosanja, kusonyeza pamene madzi ankafika kale. Mu July 2022 nyanjayi inatsika kuposa nthawi ina iliyonse chidzadzire, n'kutsala ndi madzi ongopitirira pang'ono kota ya mmene imadzadzira. Chaka chimenecho panatulukira mabwato amene anamira kale, ngakhalenso mgolo wokhala ndi mtembo wa munthu wowomberedwa zaka zambiri zapitazo, ndipo aliyense anakumbukira zigawenga zija. Mtsinje wa Colorado amagawana zigawo 7 za America ndi dziko la Mexico. Pogawanapo, Las Vegas inali katauni ka njanji chabe, ndiye Nevada inapatsidwa gawo laling'ono kuposa onse. La California ndi lalikulu pafupifupi ka 15.

Mmene mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni umakhalira ndi moyo pa kagawo kameneko ndi zimene amalume akufotokozera aliyense mpaka pano. Pafupifupi madzi onse ogwiritsidwa ntchito m'nyumba, a m'bafa, a m'sinki, a m'chimbudzi, amawayeretsa n'kuwabwezera m'nyanja ya Mead kudzera m'khwawa lotchedwa Las Vegas Wash, ndipo lita iliyonse imene abweza amaloledwa kuitunganso. Ndiye mlendo wosamba nthawi yaitali m'hotela sawononga kwenikweni. Mahotela onse aja, ndi maiwe awo, amagwiritsa ntchito madzi osakwana 10 pa 100 alionse. Madzi amene amapita osabwerera ndi othirira panja, makamaka kapinga. N'chifukwa chake bungwe la madzi limalipira anthu kuti azule kapinga pakhomo pawo, ndipo mu 2021 Nevada inakhazikitsa lamulo lochotsa kapinga wongokongoletsa, wa m'mbali mwa misewu ndi pamaofesi, amene palibe amapondapo. Mu 2015 anamalizanso ngalande yatsopano yotunga madzi pansi penipeni pa nyanjayo, kuti ngakhale itaphwa kwambiri mipope isaume.

Tinakwera pa mlatho wa 2010 umene uli kumunsi kwa damu, mamita pafupifupi 270 pamwamba pa mtsinje, pomwe damu lonse limaoneka bwino. Mphepo yake ndi yoti chipewa mugwire. Madzulo tinazungulirako ku Red Rock Canyon, kumadzulo kwa mzinda, msewu wa makilomita 21 pakati pa mapiri ofiira, koma amalume mtima unali utatsalira kudamu, ndipo ine njala inali itandipweteka. Tinakadya mpunga ndi nsomba ku Chinatown, pa Spring Mountain Road, kumene mbale imakhuta pa theka la mtengo wa pa Strip.

Pobwerera anandiuza kuti ndisadzere mumsewu waukulu, ndilowe m'makomo mwa anthu. Ankafuna kuona ngati za kapinga zija n'zoona. N'zoona. Nyumba ndi nyumba, pabwalo pali timiyala, mitengo ya m'chipululu ndi timipope takuda todonthezera madzi patsinde. Nyumba iliyonse ili ndi masiku ake othirira: m'nyengo yozizira ndi tsiku limodzi pa mlungu, ndipo Lamlungu palibe wothirira chaka chonse. Ndinawauza kuti palinso antchito amene amayendayenda pa timagalimoto m'mamawa, kufunafuna pamene madzi akuyenderera mumsewu. Akapeza amajambula, amazika kambendera pabwalo pochenjeza, ndipo mwini nyumba akapanda kukonza amalipira chindapusa chimene chimawirikiza akabwereza.

Amalume anakhala tsonga pampando.

"Amawapatsa galimoto?"

"Eya, malume."

"Ndi mafuta omwe? Ndipo mwini nyumba sangakuuze kuti umudziwa kuti iye ndani?"

"Angakuuzeni, koma chindapusa chimabwera pa bilu."

Anayang'ana panja kanthawi, kenako anandifunsa ngati ntchito imeneyo amalemba anthu a zaka zawo, ndipo anandilamula kuti tikafika kuhotela ndiwafufuzire pa intaneti.